Pakhonde la Azakhali: Bambo a kunyumba asanduka ZEMA

Azakhali,
Ndimagulitsa tomato ndi kapenta pamsika wa Kapata. Chiyambire kumvera nkhani za kusintha kwa nyengo pa wailesi, bambo a kunyumba aletsa makala pakhomo. Akutinso ndisiye kuikira makasitomala m'mapulasitiki, poti a ku Malawi anatiposa kale. Ya gasi sanandipatse, koma nsima akuifuna pa nthawi yake. Nditani?
Wothedwa nzeru, Mchini

Mwana wa achimwene anga,

Iii, unakwatiwa ndi nduna osatiuza? Tikanabwera ndi nthungululu!

Za Malawi akamwini athuwo sananame kwenikweni. Kuno ku Zambia lamulo la 2018, lomwe amayang'anira a ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, limaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 30. Anzathuwo anayamba mu 2015, ndipo muyeso wawo ndi 60. Koma eni mafakitale anathamangira kukhoti. Khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi boma mu 2019, eni mafakitalewo n'kubwereranso ndi ziletso zina zoimitsa lamulolo, majumbo akuulukabe m'misika zaka zonsezo. Tsono asakuopseze ndi 60 wa papepala. Iwe gula okhuthala ovomerezekawo, ndipo makasitomala ako uwazoloweretse kubwera ndi dengu. Ngalande za mu Kapata zatopa nafe.

Koma apa pa makala, khala pansi. Amuna akowo atengera mayiko olemera, aja amalamula kuphika koma thumba atamanga mfundo. Ku Copenhagen mu 2009 analonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020, othandizira mayiko osauka pa za kusintha kwa nyengo. Zinakwana mochedwa, zambiri zili ngongole. Ku Baku mu 2024 anakweza lonjezo kufika 300 biliyoni pachaka pofika 2035, nthawi imene ine mano adzakhala atatha. America ndiye mkamwini wa chikwama pakhomo: pangano la za nyengo la ku Paris la 2015 analowa, n'kutuluka, n'kubwerera mu 2021, Trump atangokhalanso pampando mu January 2025 n'kusainira zotulukanso. Chonsecho utsi wa Africa yense sufika 4 pa 100 iliyonse ya utsi wa dziko lapansi.

Usandimve molakwa, mitengo ikuthadi. Kweza maso uone mapiri atizungulirawa mmene ayerera. Chilala cha 2024, chija a pulezidenti Hichilema anachitcha tsoka la dziko, chinaphwetsa damu la magetsi la Kariba, malaiti n'kumabwera usiku anthu tili m'tulo. Ukuganiza tauni yonse inkaphikira chiyani? Mbaula! Woletsa makala ayambe waonetsa chophikira china.

Ndiye madzulo ano uwayalire mphasa, uwauze mwaulemu kuti pangano walandira, usaina tsiku limene silinda ya gasi idzalowe m'khitchini, yodzaza, yogula ndi ndalama yawo, osati ya tomato. Podikira, funafuna mbaula yosadya makala ambiri ndipo nyemba uziviika usiku. Akakana, uwapatse ufa ndi madzi ozizira m'mbale, uwauze kuti nsima ipsa mu 2035.

Ndine,
Azakhali ako