Mwana akati wapeza blesser, musafulumire nthungululu

Mayi wina wa ku Ntcheu analuluta mwana wake wamkazi ataimba foni kuchokera ku Joni kuti zayamba kuyenda, wapeza blesser. Chingerezi chimene mayiyo amadziwa ndi cha m'tchalitchi, choncho anangomva za madalitso n'kuganiza kuti ndi m'busa wina wachifundo. Ndalama zinkabwera mwezi ndi mwezi, nyumba ya udzu inafoleredwa malata, ndipo palibe anafunsa kanthu. Patapita nthawi mwanayo anatsika basi ali ndi pakati, thupi litatha. Nambala ya wodalitsayo inali itasiya kugwira.

Liwu loti blesser linatchuka ku South Africa mu 2016. Atsikana ankaika pa Instagram zithunzi ali m'mahotela, zikwama zodula zili m'manja, n'kulemba pansi pake kuti blessed, kusonyeza kuti adalitsidwa. Anthu anayamba kufunsana kuti kodi akuwadalitsayo ndani. Ameneyo ndiye blesser: bambo wandalama, kawirikawiri wamkulu msinkhu ndiponso wapabanja, amene amagulira mtsikana foni ndi tsitsi, kumulipirira lendi, mwinanso ulendo wa ku Dubai, mtsikanayo n'kumabweza ndi thupi lake. Wolandirayo amatchedwa blessee.

Kwathu munthu wotere timamutchula mosapsatira kuti chidyamakanda, ndipo dzina lokhalo limamuchititsa manyazi. Liwu latsopanoli linachotsa manyaziwo, mpaka mtsikana amalinena monyadira pamaso pa anzake. Choopsa chili apa: wolipira lendi ndiye amalamula. Akakana kondomu, mtsikana alibe pakamwa, pomwe bamboyo mwina ali ndi ena atatu amene akuwadalitsanso. N'chifukwa chake m'chaka chomwecho cha 2016, Cyril Ramaphosa ali wachiwiri kwa pulezidenti wa South Africa anakhazikitsa kampeni ya She Conquers, yolimbana ndi HIV komanso mimba pakati pa atsikana.

Zoona, nthawi zina liwuli n'lanthabwala chabe. Mnzako akakugulira mayunitsi kapena chakudya chamasana ungamuseke kuti lero ndiye blesser wako, palibe choipa. Koma mwana akalitchula ndalama zikubwera zochuluka kuposa malipiro ake, makolo, musachite manyazi kufunsa. Bamboyo dzina lake ndani, ali ndi zaka zingati, mkazi wake akudziwa? Funsani musanapite kukatenga ndalamazo.