Kusintha Fayilo ya Kanema Kuti Ioneke Bwino pa TV

Kanema amene amaoneka bwino pa kompyuta akhoza kukana kutseguka akaikidwa pa fulashi n'kulumikizidwa ku TV, kapena kutseguka koma osamveka mawu. Izi zimachitika chifukwa TV imawerenga mitundu yochepa ya mafayilo. Kusintha fayilo kumathetsa vutoli, koma sikukometsa chithunzi. Kanema akapanikizidwanso, tinthu tina ta m'chithunzi timatayika, ndipo ntchito yonse yagona pa kuchepetsa zotayikazo.

Poyamba pamafunika kudziwa mafayilo amene TV imalandira, monga mwalembedwera m'kabuku kobwera nayo, ndiponso mmene fayilo yoyamba ilili. Pulogalamu ya MediaInfo imaonetsa zonse za m'fayilo, ndipo ya HandBrake ndiyo imasintha. Onse awiri ndi aulere.

Kenako pasankhidwe mtundu wa fayilo. Dzina loti MP4 kapena MKV limangonena za chotengera. Chimene TV imalimbana nacho ndi kapanikizidwe ka kanema wa m'katimo. Njira yodalirika ndi MP4 yokhala ndi H.264, imene inakhazikitsidwa mu 2003 ndipo pafupifupi TV iliyonse yokhala ndi poika fulashi imaiwerenga. H.265 ya mu 2013 imatulutsa fayilo yaing'ono, koma ma TV akale ambiri amaikana. Pa H.264 pasankhidwe profile ya High, level 4.0 kapena 4.1, ndi 8-bit, popeza ya 10-bit ma TV ambiri saiwerenga.

Kukula kwa chithunzi ndi pamene ambiri amalakwitsa. DVD ya ukwati ya mtundu wa PAL ili ndi timadontho 720x576, ndipo kuikweza kufika pa 1920x1080 kumangonenepetsa fayilo. TV imadziwa kale kukulitsa chithunzi yokha. Kuchepetsa ndiye kuli ndi phindu. Kanema wa 4K wojambulidwa pa foni atsitsidwe kufika pa 1920x1080 ngati TV si ya 4K, ndipo pa ma TV ambiri a mainchesi 32, amene ali ndi 1366x768, chithunzi cha 1280x720 n'chokwanira. Kanema wakale wa 4:3 asatambasulidwe kukhala 16:9. Mizere yakuda m'mbali ilibe vuto, kusiyana n'kuti nkhope za anthu zifutukuke.

Chiwerengero cha zithunzi pa sekondi chisiyidwe mmene chinalili: 25 pa DVD ya PAL, 24 kapena 23.976 pa mafilimu. Mafoni amajambula ndi chiwerengero chosinthasintha, chimene nthawi zina chimasiyanitsa mawu ndi milomo, choncho pa kanema wa pafoni pasankhidwe Constant Framerate. Ngati m'mphepete mwa zinthu zoyenda mukuoneka timizere tonga mano a chipeso, monga zimakhalira ndi ma DVD ndi makamera akale, payatsidwe Decomb kapena Yadif.

Ubwino wa chithunzi umasankhidwa ndi nambala ya RF, ndipo nambala ikatsika, chithunzi chimakoma koma fayilo imakula. Pa H.264, HandBrake imalangiza 18 mpaka 22 pa kanema wa DVD, 19 mpaka 23 pa 720p, ndi 20 mpaka 24 pa 1080p. Popeza TV yaikulu imaulula zolakwika zimene foni imabisa, makamaka m'malo amdima, ndi bwino kutsamira ku nambala yotsika. Liwiro lopanikizira la Medium kapena Slow limadya nthawi, koma limapanikiza mwaluso kuposa Very Fast.

Mawu akhale AAC ya stereo pa 160 kapena 192 kbps. AC-3 isungidwe ngati panyumba pali masipika a 5.1. DTS ndi yosadalirika: ma TV a Samsung anasiya kuiwerenga kuyambira mu 2018. Mawu olembedwa pansi pa chithunzi akhale m'fayilo ya SRT ya dzina lofanana ndi la kanema. TV ikalephera kuwaonetsa, awotcheredwe m'chithunzi ndi Burn In, ngakhale kuti akatero sangachotsedwenso.

Kanema yense asanasinthidwe, payesedwe kachidutswa ka mphindi imodzi kokhala ndi mdima ndi zinthu zothamanga, ndipo kaonedwe pa TV yomweyo. Fulashi nayo iunikidwe: ya FAT32 silandira fayilo yopitirira 4 GB, choncho kanema wamkulu amafuna exFAT kapena NTFS, malinga ndi imene TV imawerenga. Fayilo yoyamba isafufutidwe, chifukwa kusintha kwina kulikonse kuyenera kuyambira pa iyo.