Mankhwala Ophera Tizilombo Ndi Poizoni: Phunziro kwa Mabanja a ku Neno

Dzina lakuti "mankhwala" limatchulidwa pa zinthu ziŵiri zosiyana kwambiri. Pali mankhwala amene wodwala amalandira ku chipatala kuti achire. Palinso mankhwala amene mlimi amagula kuti aphe tizilombo m'munda, anankafumbwe m'matumba a chimanga ndi makoswe m'nyumba. Mankhwala achiŵiriŵa ndi poizoni, ndipo chimene chimapha khoswe chingathenso kupha mwana.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Neno

Boma la Neno, limene linapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003, ndi dera la alimi. Kumapiri, monga kwa Dambe, amalima mbatata ya kachewere ndi tirigu. Kuchigwa cha Lisungwi amalima thonje, mbewu imene imafuna kupopera kaŵirikaŵiri, ndipo m'madimba muli matimati ndi ndiwo zamasamba. Chifikireni ntchemberezandonda zachilendo m'Malaŵi m'nyengo yaulimi ya 2016 ndi 2017, chimanga nachonso chinayamba kupoperedwa. Motero mabotolo a poizoni afika m'makomo ambiri.

Kugula

M'chaka cha 2000 Boma linakhazikitsa lamulo la mankhwala ophera tizilombo, ndipo bungwe la Pesticides Control Board ndilo limapereka ziphaso kwa ogulitsa. Mlimi wanzeru amagula kwa wogulitsa wokhala ndi chiphaso, ndipo amaonetsetsa kuti botolo nlosatsegulidwa ndiponso lili ndi chikalata chake. Pa chikalatacho pamalembedwa dzina la mankhwala, muyeso wake ndi tsiku lothera mphamvu. Mzere wofiira ndi chithunzi cha chigaza ndi mafupa zimasonyeza poizoni woopsa koposa.

Mankhwala oyezedwa m'timabotolo kapena okulungidwa m'timapepala pa msika, monga tameki, alibe dzina kapena muyeso. Munthu akavulala nawo, dokotala amavutika kudziŵa chimene chamuvulaza.

Kusunga m'nyumba

Ngozi zambiri za ana zimayambira pa botolo. Poizoni akathiridwa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, mwana waludzu sangathe kusiyanitsa. Parafini ndi Jik nazonso zimavulaza ana mwa njira yomweyi. Tsono chilichonse chotere chikhale m'botolo lake lenileni, lotsekedwa bwino, m'bokosi lokiyidwa kapena pamalo okwera, kutali ndi ufa, mchere ndi mankhwala a ku chipatala. Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira, pakuti amatulutsa mpweya wopweteka mapapo. Klorini wothira m'madzi akumwa amateteza ku kolera, koma athiridwe monga mwa muyeso umene mlangizi wa zaumoyo wanena.

Posunga chimanga, Actellic athiridwe motsata muyeso wolembedwa. Mapiritsi otulutsa mpweya wopha anankafumbwe asaikidwe konse m'nyumba yogonamo anthu, chifukwa mpweyawo umapha munthu ali m'tulo. Matumba osaloŵa mpweya, monga a PICS, amasunga chimanga popanda mankhwala. Mbeŵa, nkhuku kapena nsomba yofa ndi poizoni isadyedwe.

Kupopera m'munda

Poizoni amaloŵa m'thupi kudzera pakamwa, m'mphuno ndi pakhungu. Ambiri amaiŵala njira ya pakhungu, chonsecho ndiyo imene imavulaza opopera kaŵirikaŵiri, makamaka mpope ukamadonthera kumsana. Wopopera ayenera kutsata malangizo aŵa:

1. Avale malaya a mikono yaitali, buluku, jombo, magolovesi ndi chotchinga pakamwa ndi mphuno.
2. Asatakase mankhwala ndi dzanja, ndipo asauzire ndi pakamwa kampopi kakatsekeka.
3. Apopere m'maŵa kapena madzulo, osati dzuŵa lili paliwombo, ndipo mphepo isamabwezere mankhwala kwa iye.
4. Asadye, asamwe, asasute fodya kufikira atasamba ndi sopo.
5. Zovala zopoperera zichapidwe pazokha.
6. Ana, amayi apakati ndi oyamwitsa asagwire ntchito imeneyi.

Matimati ndi ndiwo zamasamba zisathyoledwe asanakwane masiku olembedwa pa chikalata. Wothyola msanga kuti athamangire ku msika wa Zalewa amagulitsa poizoni kwa anzake, ndipo ana ake omwe amadya ndiwo zomwezo.

Kuteteza madzi

Mitsinje ya Lisungwi ndi Wamkulumadzi imathira mu Shire, amene amatsikira ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Munthu wotsuka mpope mu mtsinje amapha nsomba ndipo amaipitsa madzi amene anthu ndi ziŵeto zakumunsi zimamwa. Chimodzimodzinso wosakaniza mankhwala pa mjigo kapena pa chitsime. Madzi atungidwe ndi chidebe, ndipo ntchito yonse yosakaniza ndi kutsuka ichitikire kumunda, kutali ndi mtsinje.

Botolo likatha litsukuluzidwe katatu, madziwo athiridwe mu mpope ndi kupoperedwa m'munda momwemo. Kenaka libooledwe kuti wina asaligwiritsenso ntchito. Lisatenthedwe, pakuti utsi wake ndi woopsa, ndipo lisatayidwe m'khwaŵa. Mlangizi wa zaulimi ndiye afunsidwe za katayidwe kake. Chigubu chimene munali poizoni sichiyenera kusungira madzi, thobwa kapena mafuta ophikira, ngakhale chitatsukidwa chotani.

Zizindikiro ndi chithandizo choyamba

Mankhwala ambiri a m'munda ndi tameki amaonetsa zizindikiro zofanana: kutuluka dovu ndi thukuta lambiri, misozi, mutu, chizungulire, kusanza, kutsegula m'mimba, kunjenjemera kwa minofu, kuchepa kwa mwanadiso ndi kubanika. Zikaoneka zotere, achibale achite izi mosazengereza:

1. Amuchotse wodwalayo pamalopo ndi kumuika pamalo opita mphepo.
2. Amuvule zovala zonyowa ndi mankhwala, amusambitse ndi madzi ambiri ndi sopo. Wothandizayo ateteze manja ake.
3. Ngati mankhwala aloŵa m'maso, atsukidwe ndi madzi oyera kwa mphindi 15.
4. Asamusanzitse. Asamumwetse mkaka, mafuta kapena madzi a mchere. Mwana amene wamwa parafini akasanzitsidwa, parafiniyo amaloŵa m'mapapo nayambitsa chibayo.
5. Wokomoka amugoneke cham'mbali kuti asatsamwe.
6. Athamangire naye ku chipatala chapafupi atatenga botolo kapena pepala la mankhwalawo.

Achipatala ali ndi chithandizo, monga jakisoni wa atropine, chimene chimapulumutsa moyo wodwala akafika msanga, ndipo wodwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Neno kapena cha Lisungwi. Ngati munthu wamwa poizoni mwadala chifukwa cha mavuto, manyazi asachedwetse banja. Iye afunika chithandizo ndi uphungu, ndipo poizoni yense achotsedwe pafupi naye.

Mafunso okambirana

1. Kodi nchifukwa ninji poizoni sayenera kuthiridwa m'botolo la zakumwa?
2. Kodi madzi otsukira mpope atayidwe kuti?
3. Kodi ndi zinthu ziti zimene siziyenera kuchitidwa kwa mwana amene wamwa parafini?