Kompyuta yakale ikhoza kusunga mabuku a shopu

Mu 1987 kampani ya Microsoft inatulutsa pulogalamu ya Works ya makompyuta a DOS. M'pulogalamu imodzi munali polembera makalata, powerengera ndalama ndi posungira mayina a makasitomala. Inkayenda bwino ngakhale pa makina ofooka, ndipo wamalonda sankavutika kuphunzira mapulogalamu atatu osiyana. Works yomaliza, ya nambala 9, inatuluka mu 2007, koma nzeru yake ikadali yothandiza kwa mwini shopu ya hadiweya kapena golosale amene anagula kompyuta ya kaunjika. Lero ntchito imeneyi imagwiridwa bwino ndi LibreOffice, yomwe bungwe la The Document Foundation limapereka kwaulere kuyambira 2011.

Choyamba, mwini bizinesi adziwe makina ake. Akadina batani lakumanja la mbewa pa "Computer" kapena "This PC" n'kusankha "Properties", aona mtundu wa Windows ndi kukula kwa RAM. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amaika pulogalamu yatsopano kwambiri, kompyuta n'kuyamba kukwawa. Wa Windows XP kapena Vista atenge LibreOffice 5.4, chifukwa kuyambira 6.0 makina amenewa anasiyidwa. Wa Windows 7 angagwiritse ntchito 7.6. Mitundu yakaleyi imapezekabe pa tsamba la bungwelo. Faelo yake ndi yaikulu, choncho ndi bwino kuikopera kamodzi kokha, kuisunga pa fulashi, bandulo isamapite pachabe. Ikalowa, intaneti siifunikanso.

Za Microsoft Office yobera imene anyamata okonza makompyuta ena amaika, ndi bwino kuikana. Nthawi zambiri imabwera ndi mavairasi, ndipo mabuku a bizinesi si oseweretsa.

Chachiwiri, ndipo apa m'pamene pagona nkhani, ndi kutsegula Calc, gawo la LibreOffice lowerengera ndalama, n'kukonza buku la malonda. Mzere woyamba ukhale wa mitu: mu A tsiku, mu B dzina la wogula, mu C katundu, mu D kuchuluka kwake, mu E mtengo wa chimodzi. Mu F2 alembe =D2*E2, kenako akokere m'munsi kabokosi kakang'ono ka pakona ya F2 kuti mizere yonse izidziwerengera yokha. Wogula akatenga matumba 10 a simenti, wogulitsa angolemba 10 ndi mtengo wa thumba, zotsalazo kompyuta imalize. Mu G alembe njira yolipirira: kashi, Airtel Money, Mpamba kapena ngongole. Ndi danga limeneli limene limathetsa mikangano madzulo potseka, pamene ndalama za m'kabati sizikugwirizana ndi katundu amene watuluka. Lamulo la SUMIF limaphatikiza mizere yokhayo yolembedwa "ngongole", kapena ya munthu mmodzi yekha. Koma dzina lizilembedwa mofanana tsiku lililonse, apo ayi kompyuta idzayesa anthu awiri.

Chachitatu ndi invoisi. Mu Writer, gawo lolembera makalata, alembe dzina la shopu, malo ndi nambala ya foni pamwamba, ajambule tebulo la katundu, n'kusunga kudzera pa "File", "Templates", "Save as Template". Kasitomala wakutali amutumizire PDF, yomwe Writer imapanga yokha ndipo imatseguka pa foni iliyonse yamakono.

Ubwino wa pulogalamu yophatikiza umaonekera pa sitepe yachinayi. Mwezi ukamatha, mwini shopu alembe kalata imodzi yokumbutsa ngongole, atsegule "Tools" kenako "Mail Merge Wizard", n'kuloza faelo ya Calc yokhala ndi mayina ndi ndalama zimene aliyense watsala nazo. Makalata onse atuluka, iliyonse ndi dzina lake ndi ndalama zake, osalembanso pamanja. Gawo la Base, losungira zinthu zambirimbiri, angayambe walisiya: limafuna Java, ndipo shopu yaing'ono Calc imaikwanira.

Amene ali ndi makalata akale a Works, otha ndi .wps, asawataye, Writer imawatsegula.

Chomaliza ndi chitetezo. Magetsi akathima mwadzidzidzi, ntchito ya tsiku lonse ingapite. Pa "Tools", "Options", "Load/Save", "General" pali posankha kuti pulogalamu izisunga zobwezeretsa pakapita mphindi zingapo. Mphindi 5 n'zokwanira. Loweruka lililonse mafaelo akoperedwe pa fulashi yosiyana, ndipo fulashiyo izigona kunyumba, osati mu shopu momwe akuba kapena moto angatenge zonse pamodzi. Microsoft inasiya kuteteza Windows 7 mu Januwale 2020, ndiye kompyuta yotere isamalowe pa intaneti wamba, ndipo ana asamalowetsemo mafulashi a nyimbo ndi mafilimu.