Lasagne ya ku Bologna Sifuna Phuma

Amene akufuna kudya lasagne Lamulungu masana ayambe kuphika Loweruka. Chakudya chimenechi kwawo ndi ku Italy, ndipo mtundu wake wotchuka ndi wa mumzinda wa Bologna, m'chigawo cha Emilia-Romagna. Pali zinthu zitatu zoti mukonze: nyama ya msuzi yomwe eni ake amaitcha ragù, msuzi woyera wa mkaka wotchedwa besciamella, ndi timapepala ta ufa wa tirigu. Palibe chovuta pa zitatuzi, koma chilichonse chimafuna nthawi yakeyake.

Yambani ndi nyama, poti ndiyo imadya maola ambiri. Anthu a ku Bologna saiseweretsa nkhaniyi, moti mu 1982 bungwe la Accademia Italiana della Cucina linakalembetsa kaphikidwe ka ragù ku ofesi ya zamalonda ya mumzindawo. Tengani magalamu 150 a nyama ya nkhumba yamafuta, iduleni timizidutswa ting'onoting'ono ndipo muiike pamoto wochepa m'poto wokhuthala pansi mpaka mafuta atuluke. Onjezerani anyezi mmodzi, karoti mmodzi ndi phesi limodzi la selari, zonse zodulidwa mosalala. Zifewe, zisapserere. Kenaka thirani theka la kilogalamu ya nyama ya ng'ombe yogaya, kolezani moto, ndipo muikazinge mpaka madzi ake aphwe, iyambe kuthetheka ndi kumata pang'ono pansi pa poto. Ambiri amathamangira kuthira tomato nyama ikadali yotuwa, ndiye msuzi umatuluka wozizira mkamwa. Thirani theka la kapu ya vinyo, aume, kenaka magalamu 300 a tomato wogaya, mchere ndi tsabola wakuda. Vundikirani, izitokota pamoto wochepetsetsa maola awiri kapena atatu, mukuthira timadzi ikafuna kuuma. Chakumapeto thirani kapu ya mkaka kuti uphe kuwawasa kwa tomato. Adyo ndi zokometsera zambirimbiri zisiyeni, ragù ya ku Bologna imadalira nyama basi. Ikagona mufiriji usiku umodzi imakoma kuposa tsiku lomwe yaphikidwa.

M'mawa mwake kandani ufa. Lamulo lakale ndi dzira limodzi pa magalamu 100 a ufa. Ku Bologna timapepala ta lasagne timakhala tobiriwira chifukwa amaikamo sipinachi, ndiye pa magalamu 300 a ufa ikani mazira awiri okha, m'malo mwa lachitatu muike sipinachi wowiritsa wodzadza dzanja, wofinyidwa mpaka kusatulukanso dontho, wodulidwa mosalala. Kandani mphindi 10 mpaka ufa usalale ndipo uzibwerera mukaudinda ndi chala. Ukulungeni m'pulasitiki, upume theka la ola. Ufa wosapuma umakhwinyata nthawi zonse mukautambasula, ndipo mudzatopa pachabe.

Amayi odziwa ntchitoyi kumeneko, omwe amatchedwa sfogline, amatambasula ufa ndi ndodo yaitali yosalala mpaka upyapyale moti dzanja lizionekera kuseri kwake. Inu ngati mulibe ndodo yotere kapena makina otambasulira ufa, botolo loyera ligwira ntchito, bola mugawe ufawo panayi ndi kumawaza ufa wouma patebulo. Dulani timapepala tolingana ndi mbale yanu yowotchera, tiwiritseni tiwiritiwiri m'madzi amchere kwa theka la mphindi, tiviikeni m'madzi ozizira, ndipo mutiyale pansalu yoyera tisakhudzane.

Besciamella ndiye sachedwa. Sungunulani magalamu 80 a batala, thiranimo magalamu 80 a ufa wa tirigu, vundulani mphindi ziwiri kuti fungo la ufa wosapsa lichoke. Thirani lita imodzi ya mkaka wofunda pang'onopang'ono, dzanja lisaleke kuvundula, apo ayi mupeza mibulu. Ulimbe ngati phala la mwana wakhanda. Mchere pang'ono, ndi nutmeg wopala ngati muli naye.

Tsopano kusanja. Pakani besciamella pang'ono pansi pa mbale, yalani timapepala, pakani ragù mopyapyala, besciamella pamwamba pake, kenaka wazani tchizi cha Parmigiano Reggiano chopala. Chikasowa, tchizi china chouma komanso chamchere chilowe m'malo. Bwerezani mpaka misanjo isanu kapena isanu ndi umodzi. Dzanja lisalemere apa: misanjo yambiri yopyapyala ndiyo imagwirana, pomwe itatu yodzadza nyama imangosanduka chiphalaphala m'mbale. Tchizi chonyololoka cha mozzarella sichilowa mu lasagne ya ku Bologna. Chimenecho, pamodzi ndi tchizi cha ricotta, mazira owiritsa ndi timipira ta nyama, n'za ku Naples, komwe amaphika yawo pa nyengo ya chikondwerero cha Carnevale.

Wotchani mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi 30 mpaka 40, pamwamba pafiirire ndipo m'makona muume pang'ono. Mukaitulutsa musaiyandikize mpeni kwa mphindi 20, ngakhale ana atazungulira tebulo ndi mbale m'manja. Ikadulidwa yotentha misanjo imaterereka, koma ikapuma chidutswa chilichonse chimaima chokha. Mbale ya miyeso imeneyi ikwanira anthu asanu ndi mmodzi.