Chiuno cha mayi woyembekezera ndi katundu amene chimasenza

Ku sikelo ya amayi oyembekezera kuli dandaulo limene anamwino amalimva pafupifupi tsiku ndi tsiku. Wina amati akamatembenuka pamphasa usiku, pachinena pamabaya. Wina amati akaima ndi mwendo umodzi kuti avale, ululu umayambira kumunsi kwa msana n'kutsikira m'ntchafu. Akadandaula kunyumba, mayi ake amangoti, "Limba mtima mwana wanga, pakati ndi momwemo." Mayiwo sakunama, chifukwa vutoli n'lofala. Madokotala a ku Britain amati mwa amayi 5 oyembekezera, mmodzi amamva ululu wotere. Koma kulimba mtima kokha sikuchotsa ululu. Mayi akadziwa kumene ululuwo ukuchokera, amatha kuuchepetsa.

Chiuno si fupa limodzi. Pali mafupa awiri akuluakulu, lina kumanja lina kumanzere, amene munthu amawakhudza akagwira m'chiuno. Kumbuyo, mafupa awiriwa anapana fupa lina la kumapeto kwa msana. Kutsogolo amakumana okhaokha pachinena. Choncho malo olumikizirana alipo atatu, awiri kumbuyo ndi amodzi kutsogolo, ndipo onsewa anamangidwa ndi minyewa yolimba kwambiri. Malo atatuwa amagwira ntchito ngati mafuwa: limodzi likasuntha pang'ono, mphika wonse umapendekeka. N'chifukwa chake mayi amene vuto lake layambira kumbuyo amamvanso kupweteka kutsogolo.

Pachinena, pakati pa mafupa awiri aja, pali kampata ka mamilimita 4 kapena 5 kodzaza ndi mnofu wolimba. Mayi akakhala ndi pakati, kampatako kamawonjezeka ndi mamilimita 2 kapena 3. Thupi limachita dala zimenezi pokonza njira yodzadutsa mwana. Chimodzi mwa zinthu zimene zimafewetsa minyewayi ndi homoni yotchedwa relaxin. Amene anaitulukira ndi Frederick Hisaw, wasayansi wa ku America, mu 1926, ndipo kafukufuku wakeyo anachitira pa mbira. Anatenga madzi a m'magazi a nyama zabere n'kubaya nawo mbira zopanda bere, ndipo anaona kuti minyewa ya pachinena pa mbirazo yafewa.

Komabe si bwino kuikankhira mlandu wonse homoniyi. Relaxin imachuluka kwambiri m'magazi cha kumapeto kwa mwezi wachitatu, pamene amayi ambiri ululu umawakulira mimba ikakula. Ofufuza apezanso kuti mayi amene ali ndi relaxin yambiri si ndiye amene amamva ululu wambiri nthawi zonse. Mbali ina ya nkhaniyi ndi kulemera. Chiberekero chopanda mwana sichikwana ngakhale magalamu 100, koma pofika mwezi wa 9 chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Mwana amakhala wa makilogalamu 3 kapena kuposerapo, nsengwa theka la kilogalamu, ndipo madzi amene mwana amakhalamo amayandikira lita imodzi. Kuphatikiza magazi owonjezera ndi mafuta, amayi ambiri amalemererako ndi makilogalamu 10 mpaka 12. Katundu wambiri amakhala kutsogolo, minofu ya pamimba imatanuka n'kuchepa mphamvu, ndipo mayi amayamba kuyenda chagada pang'ono kuti asagwe chafufumimba. Mafupa ofewetsedwa aja ndi amene amalandira zonsezi.

Amene amavutika kwambiri ndi amayi amene ankadwala kale msana, amene anavulalapo m'chiuno, amene anamva ululu womwewu pa mimba yapita, ndiponso amene amagwira ntchito yakalavulagaga.

Ululu wa mafupawu uli ndi khalidwe lake. Umabwera thupi likatsamira mwendo umodzi, kapena miyendo ikatalikirana. Mayi akagwira mfundo imeneyi, amayamba kuona yekha ntchito zimene zikumupweteka. Kukwera minibasi ndi kuponda ndi mwendo umodzi pamalo okwera. Kukwera kabaza wa njinga yamoto ndi kutambasula miyendo, kuwonjezera apo mabampu. Kunyamula mwana wamkulu pambali pa chiuno ndi kuunjika katundu mbali imodzi. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo pamene chiuno chimavutika kwambiri ndi podzitwika ndi potula, thupi likamapotoka. Kusesa ndi tsache lalifupi, kukolopa chowerama ndi kupalira zimapinda msana kwa nthawi yaitali. Kunena zoona, uphungu wakuti "muzipuma" ndi wosavuta kuulankhula ku sikelo kuposa kuutsata pakhomo pamene madzi ali kumjigo. Apa m'pamene bambo a kunyumba ndi achibale ayenera kulowererapo, ndipo anamwino amachita bwino akamawauza abambowo pamaso akabwera ndi akazi awo ku sikelo. Ngati palibe wothandiza, kutunga theka la ndowa maulendo awiri n'kwabwino kuposa ndowa yodzaza ulendo umodzi.

Kudzuka pamphasa kuli ndi njira yake. Mayi apinde mawondo, awagundanitse, kenako atembenuke thupi lonse pamodzi, mapewa ndi chiuno nthawi imodzi, mpaka atagona chammbali. Akatero adzikankhe ndi manja, agwade, agwire mpando kapena khoma, ndiye n'kuimirira. Pogona aike pilo kapena bulangeti lopinda pakati pa mawondo kuti mwendo wapamwamba usagwere kutsogolo n'kukoka chiuno. Povala akhale pansi. Poyenda aziponda mapazi pafupipafupi, ndipo pamasitepe akwere imodziimodzi, mapazi onse awiri afike pa sitepe imodzi asanapite pa ina. Amayi ena amapepukidwa akamanga chitenje molimbitsa pamafupa a m'chiuno, kunsi kwa mimba, osati pamimba penipeni. Kuchipatala kuli malamba opangidwira ntchito yomweyi.

Kungogona tsiku lonse sikuthandiza, chifukwa minofu imafooka. Pali masewera amodzi amene mayi angachite ali chikhalire popanda wina kudziwa. Akoke minofu ya kumaliseche ngati akugwira mkodzo ndi mpweya woipa, awerenge pang'onopang'ono mpaka 10, n'kumasula. Abwereze ka 10, katatu pa tsiku, koma asachite zimenezi pamene akukodza. Ululu ukakula mpaka kuyenda kuvuta, apemphe anamwino amutumize kwa madokotala a mafizo, amene amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu.

Pa nkhani ya mankhwala, Panado ndi amene amaloledwa kwa mayi woyembekezera akamamwa motsatira muyezo. Brufen, Indocid ndi diclofenac, amene anthu amangogula akamva kuphwanya m'thupi, angathe kuvulaza mwana, makamaka mimba ikadutsa miyezi 5. Asamwedwe popanda chilolezo cha dokotala.

Si ululu uliwonse wa m'munsi umene uli wa mafupa. Wa mafupa umabwera mayi akasuntha ndipo umachepa akapuma. Koma ululu wobwera ndi kupita, mimba n'kumauma, masabata 37 asanakwane, ungakhale matenda oyamba nthawi isanafike. Kutentha pokodza ndi kutentha thupi zimaloza ku matenda a m'njira ya mkodzo kapena malungo. Kutaya magazi, kusweka kwa nsupa, mutu waukulu, kuona zachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, ndiponso mwana kuchepetsa kugunda, zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Ululu woopsa wa mbali imodzi m'miyezi yoyambirira ungatanthauze kuti mimba yakhala kunja kwa chiberekero. Kuyambira mu 2016, bungwe la WHO limalimbikitsa kuti mayi aonedwe ndi achipatala ka 8, koyamba masabata 12 asanathe, ndipo ulendo uliwonse ndi mpata wonena za ululuwu kuti ulembedwe m'buku lake la kuchipatala.

Ululu wa mafupawu suvulaza mwana, ndipo amayi ambiri amachira m'njira yabwinobwino. Mayi angouza azamba msanga kuti asamutambasule miyendo kupyola pamene iye angathe. Kugona chammbali kapena kugwada pobereka kumathandiza. Mwana akabadwa, ambiri ululu umawathera m'masabata kapena miyezi yowerengeka, ngakhale kuti pafupifupi mmodzi mwa 10 umamutsalira nthawi yaitali.

Tsono katundu amene anali m'mimba uja amafunabe womunyamula. Kuno kwathu yankho ndi mbereko, ndipo mbereko ili ndi umboni wake. Madokotala a mafupa anaunika zolembedwa za ana oposa 40,000 amene anaonedwa pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre pa zaka 10. Sanapezemo khanda limene linachitidwa opaleshoni chifukwa cha vuto loti fupa la ntchafu silinakhazikike bwino m'chiuno, vuto limene madokotala a ku Ulaya amakumana nalo kawirikawiri. Iwo anaganiza kuti chimodzi mwa zifukwa zake ndi kabereke ka kumsana, kamene kamakhazika mwana miyendo ili yotambasuka, mawondo ali opinda. Kwa mayi, mwana wa kumsana amakhala pakatikati, kusiyana ndi wa pambali pa chiuno. Chofunika n'chakuti khanda lisamire mkati mwa chitenje. Mutu ukhale wochirikizidwa, mphuno ndi pakamwa zikhale poyera, ndipo chibwano chisagwere pachifuwa.

Nanga kangolo kokankhira mwana? M'matauni tingolo timeneti tikuchuluka, m'masitolo ndi m'kaunjika momwe, ndipo ena amalandira kuchokera kwa achibale a ku Johannesburg kapena ku Britain. Mbiri yake ndi yaitali. Mu 1733, William Kent anapangira ana a mfumu ina yaing'ono ya ku England kangolo koti kazikokedwa ndi mbuzi kapena kahatchi. Kangolo kopepuka kopindika kanabwera mu 1965, pamene Owen Maclaren, injiniya wa ndege, anaona mwana wake wamkazi akuvutika ndi chingolo cholemera cha mdzukulu wake. Iye anagwiritsa ntchito timapaipi ta aluminiyamu, ndipo kangolo kake kankalemera makilogalamu 3 okha. Kanapangidwira misewu yosalala ya m'mizinda ya ku England, ndipo wogula kuno asaiwale zimenezo.

Kangolo kamathandizadi mayi amene chiuno chikumupwetekabe, wa mapasa, kapena amene wachira kudzera pa opaleshoni, yemwe kwa masabata 6 sayenera kunyamula chinthu cholemera kuposa khanda lake. Koma kamathandiza ngati kakuyenda mosavuta. Kukankha chinthu cholemera n'chimodzi mwa zimene amayi a ululu wa m'chiuno amaletsedwa, ndipo kangolo ka timateyala ting'onoting'ono kakalowa mumchenga kapena m'matope a dzinja kamasanduka chinthu cholemeracho. Wokhala kumtunda ku Ndirande kapena ku Bangwe, kumene njira ndi zamiyala ndi zigwembe, adzapeza kuti akunyamula kangolo ndi mwana yemwe. Choncho asanafunse mtengo, wogula ayambe wayenda ndi maso njira yochokera pakhomo pake kukafika kumsika ndi ku sikelo. Njira ya dothi imafuna mateyala akuluakulu. Amene amadalira minibasi amafuna kangolo kopindika ndi dzanja limodzi, poti dzanja linalo lili ndi mwana ndipo kondakitala sadikira.

Khanda losakwana miyezi 6 liyenera kugona chagada pamalo athyathyathya. Khosi lake silinalimbe, ndipo likakhazikidwa tsonga mutu umagwera kutsogolo n'kupana njira ya mpweya. Tingolo tambiri totsika mtengo sitigona mokwanira, ndiye n'toyenera mwana amene wayamba kukhala yekha. Malamba abwino ndi amene amagwira malo 5: mapewa awiri, mbali ziwiri za chiuno ndi pakati pa miyendo. Buleki iyesedwe pamalo otsetsereka. Chogwirira chifike cha m'chiuno mwa wokankha kuti asamawerame, ndipo zikwama zisakolekedwe pamenepo chifukwa kangolo kamagwa chagada.

Ka kaunjika kamafuna maso awiri. Wogula akapinde n'kukatambasula kangapo, aone ngati kakutsekeka bwino, ngati malamba sanaduke ndiponso ngati mateyala sakugwedera. Popindikira ndi pamalo oopsa. Mu 2009, kampani ya Maclaren inalengeza kuti tingolo take pafupifupi 1 miliyoni ta ku America tikonzedwe, ana 12 ataduka nsonga za zala popindikirapo, ndipo eni ake anapatsidwa zophimbira malowo. Tingolo takale totere timatha kupezeka m'mabelo, choncho mwana akhale patali pamene kangolo kakupindidwa.

Pali chizolowezi china chimene chimaoneka ngati chikondi koma n'choopsa: kufunditsa kangolo konse ndi chitenje kapena bulangeti poteteza mwana ku dzuwa. Mkatimo mpweya suyenda, kutentha kumakwera msanga, ndipo mayi saona nkhope ya mwana. M'mwezi wa October zimenezi zingafooketse khanda m'kanthawi kochepa. Kadenga ka kangolo kapena ambulera n'zokwanira, ndipo madzulo, udzudzu ukayamba, kaneti kopyapyala ndi kamene kayenera kuphimba.