Foni Ndi Yanu, Koma Kiyi Ali ndi Ndani?

Chakumapeto kwa chaka cha 2011, Trevor Eckhart, katswiri wa makompyuta wa ku Connecticut m'dziko la America, analumikiza foni yake ya HTC ku kompyuta kuti aone zochitika m'kati mwake. Zimene anapeza zinamuimitsa mutu. Munali kapulogalamu kotchedwa Carrier IQ, kobisala, kosatheka kukazimitsa kapena kukachotsa. Akadina nambala, kankadziwa. Meseji ikalowa, kankaiona. Akatsegula tsamba la pa intaneti, adiresi yake inkadutsa pomwepo. Iye sanakaikemo, ndipo palibe amene anamupempha chilolezo. Kanabwera ndi foniyo kuchokera kusitolo, chifukwa makampani a netiweki ndiwo ankalamula opanga mafoni kuti azikaikamo.

Atalemba zimenezi poyera, kampani ya Carrier IQ inamutumizira kalata ya maloya yomuuza kuti afufute zonse ndi kubweza mawu ake, apo ayi akhoza kulipitsidwa mpaka madola 150,000. Maloya a bungwe la Electronic Frontier Foundation atamuimirira, kampaniyo inabwerera m'mbuyo n'kupepesa. Patangopita masiku ochepa, Eckhart anaika pa YouTube kanema wa mphindi 17 woonetsa zonse, ndipo nkhani inabuka dziko lonse. AT&T, Sprint ndi T-Mobile anavomera kuti amagwiritsadi ntchito pulogalamuyo. Eni ake ankanyadira kuti ili m'mafoni oposa 140 miliyoni.

Podziteteza, makampaniwa anati cholinga chawo chinali kudziwa malo amene netiweki ikuduka ndi zimene zikudya batire. Carrier IQ nayo inakana kuti imasunga kapena kutumiza zimene munthu walemba. Tiyerekeze kuti ankanena zoona. Ine chimandipweteka n'chakuti munthu wagula chinthu ndi thukuta lake, akugona nacho kumutu kwa bedi, akulemberamo zinsinsi za banja, za matenda, za ngongole, koma m'kati mwake muli chitseko chimene kiyi wake ali ndi wina. Mwininyumba wochititsa lendi amene ali ndi ulemu amayamba waodira asanalowe. Awa sanaodire, pomwe nyumbayo anali atakugulitsani kale. Ndipo chitseko choterocho sichisankha wolowa: mu 2013 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linapeza kuti mmene HTC inaikira pulogalamuyi zinasiya mpata woti mapulogalamu enanso aziona zinthu za mwini foni.

Za kumene munthu ali nazonso zinasanduka malonda. Mu 2018 zinadziwika kuti mkulu wina wa apolisi ku Missouri ankalondola mafoni a anthu, kuphatikizapo a jaji, popanda chilolezo cha khoti, pogwiritsa ntchito zinthu zimene makampani a netiweki ankagulitsa kudzera mwa anthu apakati. Chilango chinachedwa. Mu Epulo 2024 m'pamene bungwe loona za mauthenga la FCC linalamula makampani anayi akuluakulu kulipira chindapusa cha madola pafupifupi 200 miliyoni.

Wina anena kuti izi n'za ku America, sizitikhudza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mafoni ambiri amene timanyadira kuti ndi "ochokera kunja" amachokera kumisika yomweyo. M'bale wanu ku America wakutumizirani foni yokongola, mwailandira ndi manja awiri, mwaikamo simukhadi ya TNM kapena Airtel, koma iyo yakana. Ndi yolokedwa: kampani imene inaigulitsa motchipa inaimanga kuti izigwira ntchito pa netiweki yake yokha. Mukuyamba kuzungulira mabenchi a okonza mafoni, uyu akuti ndisiyireni, uyo akuti yonjezerani ndalama, winanso aifulasha n'kuipheratu.

Ku America komweko, kuyambira pa 26 Januwale 2013, kutsegula foni yatsopano popanda chilolezo cha kampani kunakhala kuphwanya lamulo, foni yoti wagula wekha. Anthu oposa 114,000 anasaina chikalata chodandaula ku White House, ndipo mu Ogasiti 2014 Barack Obama anasaina lamulo lobwezeretsa ufuluwo. Dziko la Canada linaletsa kulipiritsa munthu potsegula foni mu Disembala 2017. Ku Britain, bungwe la Ofcom linaletseratu kugulitsa mafoni olokedwa kuyambira mu Disembala 2021. Ufulu umenewu sunaperekedwe m'mbale, anthu anachita kuumenyera. Komanso foni yakale yogulidwa malamulowa asanabwere ikhoza kukhalabe yolokedwa mpaka lero.

Ndiye tsono musachite manyazi pogula, paja mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ikanimo simukhadi yanu pomwepo, muimbe, mutsegule intaneti, ndalama zikadali m'thumba. Wakunja amene akukutumizirani foni, muuzeni ayambe waitsegulitsa ku kampani yake isanakwere ndege, popeza mwini akauntiyo ndiye amamveka mosavuta kumeneko. Mufunsenso ngati anamaliza kulipira, chifukwa makampani ambiri satsegula foni ya ngongole.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri masiku ano ndi mafoni ogula pangongole, olipira pang'onopang'ono, amene afala muno mu Africa. Ku Kenya, Safaricom inayambitsa njira yotere mu 2020 mogwirizana ndi Google. Sindikuinyoza, yathandiza anthu amene sakanakwanitsa kugula foni yamakono pakamodzi. Koma m'foni zimenezi mumakhala pulogalamu yoti mukadumphitsa kulipira, wina ali kutali amaitseka. Musanasaine, funsani kuti loko ameneyu amatseka chiyani n'kusiya chiyani, amaona chiyani m'foni mwanu, ndiponso ngati adzachotsedweretu ngongole ikatha, ndipo mayankhowo akhale olembedwa papepala. Ganizirani mayi wogulitsa tomato amene malonda sanamuyendere sabata ino. Manambala a omupikulitsa ali m'foni, maoda a makasitomala amabwera pa WhatsApp, ndipo m'mawa umene akufunitsitsa kupeza ndalama yolipirira ngongoleyo ndi umenenso sikirini yake yatsekedwa.